Kukonza Udindo Wolembedwa Molakwika pa Chikalata cha Msilikali Wopuma

Msilikali aliyense akamatuluka usilikali, kaya chifukwa chakuti zaka zake zakwana, kaya chifukwa cha matenda kapena kuvulala, amapatsidwa chikalata chosonyeza kuti watuluka mwalamulo. Asilikali akale amachitchula kuti disichaji. Pa chikalatachi pamalembedwa dzina, nambala ya usilikali, gulu limene mwini wake anatumikira, tsiku lolowa ndi lotuluka, komanso udindo wake. Mzere wa udindowu ndi umene umasautsa mabanja. Munthu amene mudzi wonse wakhala ukumuitana kuti a Sajeni kwa zaka 40, ana ake akafutukula chikalata amapeza palembedwa Kopolo, mwinanso Pulaiveti, ndipo pomwepo pamabuka mafunso: kodi bambo ankanama, kapena ndi kalaliki amene analakwitsa?

Funsoli si la ulemu wokha. Malipiro a msilikali amatsatira udindo wake, ndipo penshoni ndi ndalama zolandira kamodzi popuma ntchito zimawerengedwa kuchokera pa malipirowo. Zakhala choncho kuyambira kale. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, boma la Britain linapereka ndalama yothokozera asilikali a m'magulu a kum'mawa kwa Africa molingana ndi udindo ndi miyezi imene aliyense anatumikira. Pulaiveti wachikuda ankalandira masheleni 3 ndi theka pa mwezi uliwonse wa utumiki, Kopolo wachikuda masheleni 4, pamene Pulaiveti wachizungu ankalandira masheleni 10. Tsankho la m'kawerengedweka linali loonekeratu, koma chimene chikukhudza nkhani ino n'chakuti ngakhale pa ndalama yochepayo, nyota imodzi inkasintha chimene munthu anabwera nacho kumudzi. Lero kusiyana kwa udindo umodzi kukawerengedwa mwezi ndi mwezi kwa zaka zonse za penshoni, kumakhala ndalama yogulira matumba a fetereza ndi kulipirira ana sukulu.

Asanalembe kalata yodandaula, wodandaula ayenera kudziwa kuti si kusiyana kulikonse kumene kuli kulakwitsa. Kawirikawiri chikalata chotulukira chimasonyeza udindo umene msilikali anali nawo pa tsiku lotuluka, osati udindo waukulu umene anafikapo pa moyo wake wa usilikali. Komanso usilikali wa dziko lino unatengera dongosolo la ku Britain, limene limasiyanitsa udindo wokhazikika ndi udindo wogwirizira. Udindo wokhazikika ndi wa munthu mwini. Sachotsedwa popanda mlandu. Udindo wogwirizira ndi wa mpando: munthu amavala nyota chifukwa mwini mpando kulibe, ndipo mwiniyo akabwera, kapena munthuyo akasamutsidwa, nyota imatsala. Panalinso udindo wa pamalo, umene msilikali ankapatsidwa kuti agwire ntchito inayake kwa kanthawi, nthawi zambiri popanda kuonjezeredwa malipiro.

Pa nthawi ya nkhondo zimenezi zinkachitika tsiku ndi tsiku. Mu 1944 mabataliyoni a ku Nyasaland a King's African Rifles, imene makolo athu ankaitchula kuti Keyala, anali m'gulu la asilikali a kum'mawa kwa Africa limene linatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pakati. Malungo ndi matenda ena anagwetsa anthu ochuluka, kuonjezera pa zipolopolo za asilikali a Japan. Sajeni akagwa, gulu silikanadikira kalata yochokera ku likulu; Kopolo ankavala nyota zitatu ndi kutsogolera anzake. Anzakewo anamudziwa ngati Sajeni, ndipo anabwera nalo dzinalo kumudzi. Ngati udindowo sunakhazikitsidwe nkhondo isanathe, mabuku anapitiriza kumuwerenga ngati Kopolo. Munthu wotereyu sananame, ndipo kalaliki nayenso sanalakwitse. Zonse ziwiri ndi zoona, kungoti chikalata chinalemba chimodzi.

Udindo wa Lansi Kopolo uli ndi mbiri yakeyake imene imasokoneza mabanja ambiri. M'gulu la nkhondo la Britain, kufikira chaka cha 1961, nyota imodzi ya Lansi Kopolo sinkawerengedwa ngati udindo weniweni. Inali ntchito imene mkulu wa bataliyoni ankapatsa Pulaiveti wodalirika, ndipo ankatha kumulanda popanda kuzenga mlandu. Choncho chikalata cha m'zaka za m'ma 1940 chikalemba Pulaiveti pamene chithunzi cha pakhoma chikuonetsa nyota imodzi pamkono, sikuti pali chinyengo.

Chifukwa china n'chovuta kuchikamba pamaso pa ana, koma chiyenera kunenedwa. Msilikali akapezeka wolakwa pa mlandu wa usilikali amatha kutsitsidwa udindo, ndipo akatuluka asanakwezedwenso, chikalata chimalemba udindo wotsikawo. Kupempha kuti mabuku atsegulidwe ndi kuvomera kuti chilichonse chimene chili m'menemo chioneke. Banja likambirane kaye ndi mwini wake, ngati ali moyo, lisanayambe ulendowu.

Kulakwitsa kwenikweni kuliponso, ndipo n'kumene kungakonzedwe. Maudindo amalembedwa mwachidule m'Chingerezi, ndipo kusiyana kwa L/Cpl ndi Cpl, kapena Sgt ndi S/Sgt, ndi chilembo chimodzi chokha chimene wokopera ndi dzanja kapena pa taipi akhoza kuchidumpha. Sajeni Meja ali ndi magawo awiri, WO I ndi WO II, amene amasiyana ndi kamzere kamodzi. Nthawi zina kukwezedwa kunalengezedwa masiku ochepa msilikali asanatuluke, koma chikalata chinali chitalembedwa kale. Nthawi zina anthu awiri a dzina limodzi m'bataliyoni imodzi anasinthanitsidwa mbiri. Pamene asilikali zikwizikwi ankatulutsidwa nthawi imodzi nkhondo itatha, makalaliki ankagwira ntchito mothamanga, ndipo eni zikalatawo ambiri sankawerenga Chingerezi kuti aone cholakwika asanakwere galimoto yopita kwawo.

Umboni umene umamveka

Mfundo yaikulu pa nkhani yonseyi ndi iyi: udindo umakonzedwa ndi umboni umene unalembedwa pa nthawi imene msilikali anali pa ntchito. Zimene anthu akukumbukira lero zimathandiza kuloza kumene umboniwo ungapezeke, koma pazokha sizisintha buku.

Umboni wamphamvu kuposa wonse ndi chilengezo cha kukwezedwa. Magulu a nkhondo otsatira dongosolo la ku Britain amalemba zonse zokhudza msilikali aliyense, monga kukwezedwa, kutsitsidwa, kusamutsidwa ndi tchuthi, m'zilengezo zimene asilikali amazidziwa ndi dzina lakuti Part Two Orders. Chilengezo chotere chimatchula nambala ya msilikali, udindo watsopano, tsiku loyambira, komanso ngati udindowo ndi wokhazikika kapena wogwirizira. Msilikali wopuma amene akukumbukira chaka, mwezi ndi gulu limene anali pamene anakwezedwa amafupikitsa kwambiri ntchito ya wofufuza.

Wotsatira ndi umboni wa malipiro. Buku la malipiro la asilikali akale, kapena timapepala ta malipiro a mwezi ndi mwezi ta masiku ano, timasonyeza udindo umene boma linkalipira. Ngati munthu analandira malipiro a Sajeni mpaka mwezi wake womaliza koma chikalata chikuti Kopolo, ndiye kuti pali funso loyenera yankho. Makalata a boma opita kwa msilikaliyo, zikalata za kuchipatala cha asilikali ndi makalata omusamutsa nawonso amatchula udindo pamodzi ndi tsiku.

Setifiketi ya maphunziro, monga ya ku Malawi Armed Forces College ku Salima, imafuna kuiwerenga mosamala. Imatsimikiza kuti munthu anapambana maphunziro omuyenereza kukwezedwa; sitsimikiza kuti anakwezedwadi, pakuti kukwezedwa kumadikira mpando wopanda mwini. Komabe udindo umene walembedwa patsogolo pa dzina pa setifiketiyo umasonyeza pamene iye anali pa tsiku limenelo, ndipo zimenezi zokha n'zothandiza.

Mamendulo amanena zambiri kwa wodziwa kuwawerenga. Mamendulo a nkhondo yoyamba, imene kuno imakumbukika ndi dzina lakuti nkhondo ya Chiwaya, anadindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwini wake, ena m'mphepete, ena kumbuyo. Mendulo ya 1914–15 Star imasonyeza udindo umene msilikali anali nawo pamene ankalowa m'dera la nkhondo, pamene British War Medal ndi Victory Medal zimasonyeza udindo waukulu umene anafikapo ali kunkhondoko. Motero munthu mmodzi akhoza kukhala ndi mamendulo atatu otchula maudindo awiri, onse olondola. Mamendulo ambiri a nkhondo yachiwiri anaperekedwa opanda dzina, kotero sapereka umboni wa udindo. Koma General Service Medal, imene analandira amene anapita ku Malaya ndi bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri ya Keyala pakati pa 1952 ndi 1954, ili ndi dzina ndi udindo m'mphepete. Banja lisapukute mendulo ndi mchenga kapena phulusa pofuna kuti iwale. Zilembo zake n'zosaya ndipo zimafufutika.

Chithunzi cha yunifolomu chimaonetsa nyota imene inali pamkono tsiku lojambulidwa, koma sichinena ngati inali yokhazikika. Mawu a mnzake wa m'gulu limodzi, akalembedwa ndi kulumbiriridwa, amalimbikitsa umboni wina. Kalata ya mfumu ili ndi ntchito yake yofunika, yotsimikiza kuti munthuyu ndi wa m'mudzi wakutiwakuti ndipo wodandaulayu ndi mkazi wake kapena mwana wake. Koma mfumu sinalipo pamene nyota inkaperekedwa, choncho kalata yake singatsimikize udindo.

Kumene mabuku ali

Amene anatumikira kuchokera mu 1964, pamene bataliyoni yoyamba ya Keyala inasanduka bataliyoni yoyamba ya Malawi Rifles, mbiri yawo ili m'manja mwa Malawi Defence Force, imene likulu lake lili ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe. Izi zikukhudza onse amene anatumikira ku Cobbe Barracks ku Zomba, ku Moyale Barracks ku Mzuzu ndi m'magulu ena, kuphatikizapo amene analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ndi amene anapita kukasungitsa mtendere ku Rwanda, ku Côte d'Ivoire ndi ku Democratic Republic of Congo. Amene anapita kunja akumbukire kuti udindo umene anavala pa ntchito ya kumeneko ukhoza kukhala unali wogwirizira. Amene anali apolisi kapena a Malawi Young Pioneers sanali m'gulu la nkhondo, ndipo mbiri yawo siili m'mabuku a usilikali.

Za nthawi ya atsamunda n'zomwazikana. King's African Rifles inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland. Kuyambira pa nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuchokera mu 1953 mpaka 1963, mabataliyoniwa anali pansi pa boma la Chitaganya limene likulu lake linali ku Salisbury, Harare wa lero. Chitaganya chitatha, bataliyoni yachiwiri inapita ku Northern Rhodesia n'kudzakhala gawo la gulu la nkhondo la Zambia. Kotero mapepala a munthu mmodzi wa ku Ntcheu akhoza kukhala atadutsa m'maboma atatu.

Poyambira pabwino ndi ku National Archives of Malawi ku Zomba, kumene kumasungidwa mapepala a boma la atsamunda. Ofufuza za nkhondo ya Chiwaya adziwiretu kuti moto umene unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba mu 1919 unaononga mapepala ambiri a zaka zoyambirira. Ku The National Archives ku Kew, mu mzinda wa London, kuli mabuku a mayina a olandira mamendulo, zikalata zoyamikira asilikali amene anaonetsa kulimba mtima, zimene zimatchula udindo wa munthu pa tsiku la chochitikacho, ndiponso mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku a mabataliyoni, ngakhale kuti amenewa satchula kawirikawiri mayina a asilikali wamba. Mndandanda wa zimene zili kumeneko umaoneka pa intaneti. Nyumba zosungira mbirizi zimapereka makope. Sizisintha chilembo ngakhale chimodzi pa pepala lakale. Kwa amene anafera kunkhondo, bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamala manda ndi zipilala za omwalira pakati pa 1914 ndi 1921 komanso pakati pa 1939 ndi 1947, limalandira mapempho okonza dzina kapena udindo m'mabuku ake ngati pali umboni wa zikalata. Bungweli linavomereza mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Ochuluka mwa amenewa anali amtengatenga, amene ananyamula katundu wa nkhondo pamutu koma analibe udindo wa usilikali woti n'kukonzedwa.

Pofufuza, nambala ya usilikali ndi yodalirika kuposa dzina. Makalaliki a nthawi imeneyo ankalemba mayina monga anawamvera, ndipo anyamata ena analembetsa ndi dzina la bambo, la malume kapena dzina limene anangodzipatsa pa tsiku lolembedwa. Mayina a maboma nawo anasintha: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, Kota Kota ndi Nkhotakota. Wolemba kalata atchule dzina lakale pamodzi ndi latsopano, komanso dzina la mfumu imene inkalamula mudziwo pa nthawi yolowa usilikali, osati ya lero yokha.

Kalata yodandaula

Dandaulo lilembedwe, lisangonenedwa pakamwa pa geti. Kalatayo itchule dzina lonse monga lilili pa chikalata, nambala ya usilikali, gulu, masiku olowa ndi otuluka, udindo umene walembedwa, udindo umene wodandaula akuti ndi woyenera, ndi tsiku kapena chaka chimene kukwezedwa kunachitika. Kenako itchule umboni umene waphatikizidwa. Kalata yaifupi yokhala ndi masiku imathandiza kuposa masamba asanu ofotokoza mavuto a pakhomo, ngakhale mavutowo ali enieni. Ngati dzina la pa chiphaso cha unzika likusiyana ndi la pa chikalata cha usilikali, pafunika chikalata cholumbira pamaso pa majisitireti kapena loya wovomerezeka kulumbiritsa, chotsimikiza kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Mwini wake akakhala kuti anamwalira, mkazi wamasiye kapena mwana aphatikize umboni wa imfa ndi wa ubale wawo. Ofesi ya bwanamkubwa wa boma lawo ndi malo oyenera kufunsa za zikalata zimenezi. Bungwe la asilikali opuma la Veterans and Ex-Service Members League of Malawi lili ndi mamembala amene amadziwa chilankhulo cha mabuku a usilikali, ndipo n'kwanzeru kuwaonetsa mapepala kalata isanatumizidwe.

Zotumiza zikhale makope otsimikizidwa. Chikalata chenicheni chikhale ndi mwini wake, ndipo chikafunika kuonedwa, apite nacho yekha n'kubwera nacho. Asunge kope ya kalata yake yodindidwa tsiku limene inalandiridwa, chifukwa popanda chidindocho n'kovuta kudzaonetsa kuti dandaulo linaperekedwa liti.

Aliyense achenjere ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi kukonza yekha. Kufufuta mawu pa chikalata cha boma n'kulembapo ena, ngakhale olembedwawo atakhala oona, ndi mlandu wa chinyengo pansi pa malamulo a dziko lino, ndipo kumaononga umboni umene ukanapambanitsa dandaulo. Chachiwiri ndi anthu oyendayenda m'midzi amene amalonjeza kukweza udindo kapena kutulutsa ndalama za ku Britain akapatsidwa kangachepe. Palibe munthu wapakati amene ali ndi mphamvu yosintha buku la usilikali. Ndalama iliyonse yolipidwa ku ofesi ya boma ikhale ndi risiti ya boma, ndipo wopempha chiphuphu akanenedwe ku Anti-Corruption Bureau.

Yankho likhoza kukhala lokana, ndipo kukana kokhala ndi chifukwa chomveka, monga chakuti udindowo unali wogwirizira, ndi yankho loyenera kulilandira. Chimene wodandaula sayenera kulandira ndi kukana kopanda chifukwa. Gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wakuti ofesi ya boma imuchitire zinthu mwalamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chikukhudza ufulu kapena zofuna zake. Amene akuona kuti sanachitiridwe chilungamo akhoza kukadandaula ku ofesi ya Ombudsman, imene silipiritsa, kapena kupempha thandizo la loya ku Legal Aid Bureau ngati alibe ndalama. Njira yopempha Bwalo Lalikulu kuti liunikenso chigamulo ili ndi nthawi yochepa yoikika, choncho woganiza zopita kumeneko asagone ndi kalata yokana m'sutikesi.

Dandaulo likapambana, wodandaula afunse kuti kukonzako kulembedwe ndi kudindidwa, ndipo ngati kukukhudza penshoni, alembe kalata ina yopempha kuti ndalama ziwerengedwenso, chifukwa kukonza buku ndi kukonza malipiro ndi ntchito ziwiri. Kwa asilikali a Keyala ndi amasiye awo, kupezeka kwa udindo wolondola sikutsegula thumba latsopano la ndalama. Thandizo limene limadzera ku Royal Commonwealth Ex-Services League, limene boma la Britain linaliikira mapaundi 11.8 miliyoni mu 2018, limayang'ana ngati munthu anatumikira dziko lake lisanalandire ufulu ndiponso ngati ali wosowa; silisiyanitsa Sajeni ndi Pulaiveti. Chimene banja limapeza pamenepo ndi choonadi choti lilembe pa chiliza ndi kuwerenga pa mwambo wa maliro.

Mabanja amene akadali ndi zikalata zakale azichotse m'malo a chinyontho ndi ofikako chiswe, asazipinde m'mizere yomweyo imene yayamba kale kung'ambika, ndipo azijambule ndi foni tsamba ndi tsamba, kutsogolo ndi kumbuyo, pamodzi ndi zilembo za m'mphepete mwa mendulo iliyonse. Ngati msilikaliyo ali moyo, afunsidwe nambala yake, gulu lake ndi kumene anali pamene anavala nyota iliyonse, ndipo mayankho alembedwe iye akumva.